Mchenga wa M'kangolo

Ndikukumbukira bwino Loweruka limene ndinakwera koyamba njinga yamoto ya bambo anga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5, ndipo tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi kwa Wimbe. Kwathu dziko ndi lathyathyathya: munda wa fodya, chigafa, munda winanso, mpaka maso kutopa. Mapiri tinkangowaonera kutali, otuwa ngati utsi.

Njinga ya bamboyo sinali ngati izi zadzaza masiku ano pa kabaza. Inali yakale, yolemera, ndipo kumanzere kwake kunali kangolo kachitsulo ka tayala limodzi, kokhala ndi mpando wa munthu mmodzi. Anaigula itafa kale pa esiteti ina ya fodya kumene ankakonza mathirakitala, n'kuidzutsa okha pang'onopang'ono. Ikamadutsa, ana a m'mudzi monse ankaithamangira mpaka kudambo.

Bambo anali munthu wabwino, sindingawanamizire. Mowa sankamwa, ndipo kutchalitchi ndi amene ankayambitsa nyimbo. Koma pa nkhani ya njinga yawo sankaseka ndi munthu. Achimwene anga a Yohane tsiku lina anangotsekula thanki kuti amve fungo la petulo. Anakwapulidwa ndi nthambi ya bulugamu mpaka anagona chafufumimba masiku awiri. Ine ndinaona ndi maso angawa, ndipo kuyambira pamenepo ndinkailambalala njingayo ngati galu woluma.

Bambo anali ndi mnzawo wa pamtima, a Mwale, amene ankagwira nawo ntchito ku esiteti. Akazi awo atamwalira, a Mwale anasiya za fodya n'kukamanga kanyumba ka matabwa pa phiri lina kupitirira kwa Chisemphere, kumene ankaweta njuchi. Chaka chilichonse fodya akagulitsidwa, nazale zisanayambe, bambo ankapita kukawaona Loweruka n'kubwerako Lamulungu. Ankapita ndi mayi. Koma chaka chimenecho mayi anali oyembekezera, mimba itakula kale, ndiye bambo anandiloza n'kunena kuti, "Esinati wakhoza bwino mayeso. Apite ndi iyeyo akaone phiri."

Abale anga, chimwemwe chake! Sabata yonse ndinkangoimba.

Lachisanu masana bambo akupita kumsonkhano wa kalabu ya alimi, anandipatsa kansanza. "Upukute fumbi m'kangolomo. Fumbi lokha. Usakhudze china chilichonse." Atangochoka, mayi anandiitana ali chigonere pa mphasa. Anati kwa anthu sitipita chimanjamanja, makamaka kwa bambo wokhala yekha wopanda womufutsira ndiwo. Anandipatsa zikwatu zisanu za mfutso, nsinjiro m'kapepala, bulangete langa, ndi tambala mmodzi woti ndidzamange miyendo m'mawa. "Upeze poika pabwino, mfutsowo usalowe fumbi."

Ndinayang'ana m'kangolo muja. Malo anali ochepa, chifukwa kumapazi, chakumbali ya tayala, kunali thumba lalikulu lomangidwa pakamwa. Ndinalimasula. Munali mchenga wokhawokha, woyera, wa kumtsinje. Ndinadabwa: munthu wamkulu kumayenda ndi mchenga? Ndinaganiza kuti anautenga kuti akonzere khonde n'kuiwala. Ndipo mtima wanga wa mwana wamkazi unakondwa, chifukwa mchenga wotere ndi umene timakwechera mapoto, ndipo kwathu tinkautapa kutali. Thumbalo sindikanatha kulinyamula, ndiye ndinatenga beseni n'kumatapa pang'onopang'ono, kukathira kuseri kwa khitchini. Maulendo asanu ndi atatu. Kenako ndinakutumula thumba lija, n'kulongedzamo bulangete ndi zikwatu, n'kulimanga monga linalili. Linatukumuka bwinobwino. Ndinadziona ngati mayi wanzeru.

M'mawa mwake kunali kozizira. Bambo anavala jekete ndi chipewa chawo chachitsulo, n'kusuzumira m'kangolo.

"Thumba lili m'malo?"

"Lili m'malo, bambo."

Sindinaname, komanso sindinadziwe chimene ankafunsira. Mayi anapemphera, anandimanga duku kukamwa chifukwa cha fumbi, ndipo ndinakhala pa mpando tambala ali pamiyendo. Tinanyamuka.

Maola oyamba anali okoma. Msewu unali wowongoka, minda ili mbee, mapesi a fodya atazulidwa n'kuunjikidwa, zigafa zili zopanda kanthu. Amayi a pamjigo ankasiya kupopa n'kumatiyang'ana. Bambo anakuwa mphepo ikuwomba, "Lero ikuthamanga bwino! Yamva kuti yanyamula bwana wamkulu!" Ndinaseka mpaka duku linagwa.

Titapitirira pa boma pa Kasungu, tinaima pa malo ena a malonda kuti tithire petulo. Wogulitsa anali a Saidi, bambo wa golosale wovala kapu yoyera, amene ankasunga petulo m'zigubu kuseri kwa sitolo. Ankadziwana ndi bambo kalekale.

"A Banda, mayi mwawasiya kuti lero? Mwatenga kanthu kopepuka ngati tsamba la fodya louma. Simukakataya pa phiri paja?"

Bambo anaseka, n'kuloza ndi chala osagwira. "Ndi ntchito ya thumba ilo. Mchenga wokhawokha, kulemera kuposa thumba la feteleza. Akakwera mayi ake ndimalitsitsa, koma uyu ayi. Popanda limenelo, ukangokhotera kumanzere tayala la kangolo limanyamuka, njinga n'kukukankhira kumanja. Kuno kuchidikha ungapulumuke. Koma kwa Mwale kuja kumanja ndi kuphompho."

"Ndiye mchengawo ndi umene ukuyendetsa njinga, inu mwangokwera," anatero a Saidi, ndipo onse anaseka.

Ine ndinayang'ana thumba lija lili pamapazi anga, lotukumuka bwino, lodzaza ndi masamba a nkhwani ouma. A Saidi anandipatsa siwiti. Ndinalandira ndi manja awiri, koma sindinathe ngakhale kuisenda.

Pamenepo m'pamene ndinayenera kulankhula. Pafupi ndi sitoloyo panali mulu wa mchenga wa anthu omanga nyumba, ndinauona. Koma ndinakumbukira nthambi ya bulugamu ija, ndi mawu akuti usakhudze china chilichonse. A Yohane anangotsekula thanki. Nanga ine amene ndinakhuthula thumba lonse? Ndinaganizanso kuti andikwapula pamaso pa a Saidi, n'kunditembenuza ulendo wa kunyumba phiri osaliona. Ndinatseka pakamwa.

Tinapatuka pa tala n'kulowa msewu wafumbi. Tsopano sindinkaonanso minda kapena anthu. Maso anga anali pa tayala la kangolo. Msewu ukakhotera kumanja ndinkapuma. Ukakhotera kumanzere, ngakhale pang'ono, ndinkamva mpando ukupepuka pansi panga, phokoso la tayala likuchepa ngati likungokhudza nthaka. Ndinkadzikanikiza pa mpando, kuumitsa thupi, kugwira mpweya, ngati kuti kutero kungandiwonjezere mnofu. Ndipo ndinayamba kupemphera chamumtima. Ndinapempha Mulungu kuti thupi langa likhale lolemera ngati thumba la mchenga. Ndinapempha kuti msewu wa paphiri ukhale wowongoka. Ndinalonjeza kuti sindidzajombanso ku Sande sukulu. Zonse ndinamuuza Mulungu. Bambo anali pambali panga, potalika mkono umodzi, koma iwo sindinawauze kanthu.

Titadutsa kwa Chisemphere bambo anaima kuti akataye madzi kutchire. Pambali pa msewu panali balani yakale yootchera fodya, itagwa mbali imodzi. Ndinatsika msangamsanga, n'kutola zidutswa za njerwa, zinayi kapena zisanu, n'kuziponya m'kangolo. Ndikubwera ndi zina m'chitenje, ndinapeza bambo ataima pamenepo.

"Iwe, n'chiyani chimenechi? Tikupita kuphiri, iwe ukunyamula miyala? A Mwale adzati tabwera kudzawagenda. Taya, ukundipalira penti."

Ndinazitaya chimodzichimodzi. Bambo anandiyang'anitsitsa.

"Wadwala? Milomo yatuwa."

"Ndi fumbi, bambo."

"Ukuopa phiri eti? Usaope. Msewu umenewu ndauyenda zaka zambiri. Ukangomva ndikuti tsamira, uzitsamira kunja, kumbali ya tayala. Zina zonse usiyire thumba."

Anandisisita pamutu. Mpaka lero ndikakumbukira dzanja limenelo, mtima umandipweteka kuposa mmene chikoti chikanapwetekera.

Phiri linayandikira, ndipo silinalinso lotuwa ngati utsi. Linali la miyala ikuluikulu yakuda ndi mitengo ya misuku. Kamsewu kake kanali kamene mathirakitala ankatsitsira nkhuni zootchera fodya kale, kopapatiza, ka miyala yoterera. Kumanzere kunali khoma la phiri. Kumanja, titakwera pang'ono, ndinkangoona nsonga za mitengo pansi pathu.

Pokhota poyamba panali pa kumanja. Tinadutsa. Pachiwiri panali pa kumanzere koma pofatsa. Tayala linanyamuka, ndinaliona likuzungulira m'malere, kenako linagwa pansi, gu! Bambo anacheuka n'kuliyang'ana, nkhope itasintha. "Tsamira, Esinati!" Ndinatsamira mpaka nthiti kuwawa. Ndinatsekula pakamwa kuti ndinene, koma injini inali ikulira mokweza chifukwa cha chitunda, ndipo mawu amene anatuluka anali aang'ono ngati a mwanapiye. Sanamve.

Pachitatu panali pokhota kwambiri, pa kumanzere, pamwamba pa chitunda. Bambo sakanachepetsa liwiro chifukwa njinga ikanabwerera m'mbuyo. Anakhota.

Ndinamva kangolo kakukwera. Sikanabwererenso pansi. Kanapitirira kukwera mpaka ndinaona chipewa cha bambo chili m'munsi mwanga. Tambala anandipulumuka m'manja. Ndinakuwa, "Bambo, mulibe mchenga!" koma nthawi inali itatha. Bambo anawongola chiwongolero kuti tisagubuduke, ndipo njinga inasiya msewu n'kulunjika kumphepete. Ndinaona thambo lokhalokha. Kenako panamveka kuphwanyika, ndipo zonse zinaima.

Mtengo wa msuku womera m'mphepete mwenimweni ndi umene unatigwira. Njinga inatsamira pa mtengowo itapendekeka, tayala lakutsogolo lili theka m'malere, kangolo kali m'mwamba ine ndili momwemo. Injini inazima. Ndinkamva timiyala tikugubuduzika kutsika, kutsika, osamva pamene tafikira. Mwendo wa kumanja wa bambo unapanikizika pakati pa mwala ndi paipi ya utsi, imene inali yotentha ngati chitsulo cha pamoto. Ndinamva fungo la nsalu ikupsa, kenako fungo lina limene sindikufuna kulitchula.

Bambo sanakuwe. Analankhula pang'onopang'ono, mano ali olumana.

"Esinati. Usadumphe. Ukadumpha tonse tapita. Kwawira kunja. Ukhale pamwamba pa tayala. Pang'onopang'ono, mwanangu."

Ndinakwawa. Mtengo unalira. Ndinaponya miyendo kunja, n'kukhala pa chitsulo chophimba tayala, n'kudzigwetsera chagada ndikugwira m'mphepete mwa kangolo. Kwa kanthawi palibe chinasuntha. Kenako kangolo kanayamba kutsika, kutsika, mpaka tayala linakhudza nthaka. Bambo anasolola mwendo wawo, n'kukokera njinga m'mbuyo ndi mphamvu zimene sindikudziwa kumene anazitenga, n'kuika mwala kutayala.

Anakhala pansi. Buluku linali litapserera kuyambira pa bondo kutsika, ndipo khungu la pa katumba linali litasupuka, loyera. Anapuma kwa nthawi. Kenako anadzikoka mpaka pa kangolo, n'kugwira thumba lija ndi dzanja limodzi. Linanyamuka ngati pilo. Analimasula, n'kutulutsa chikwatu chimodzi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Mchenga uli kuti?"

Ndinagwada pa miyala pomwepo. "Kuseri kwa khitchini, bambo. Ndimati tizikwechera mapoto."

"Unadziwa liti ntchito yake?"

"Kwa a Saidi."

Bambo anatembenuka n'kuyang'ana kumene tinachokera. Pamalo pamenepo chidikha chonse cha Kasungu chinkaoneka, ndipo msewu wathu unali ngati ulusi wofiira pakati pa minda. Anatambasula mkono, n'kuloza kutali kumene malata a masitolo ankanyezimira, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono kutsata msewu wonse mpaka pamene tinakhala.

"Kuchokera uko. Mpaka pano."

Ndinayang'ana mtunda umenewo, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalirepo.

A Mwale anali atamva phokoso ali ku ming'oma yawo, ndipo anatsika akuthamanga, bambo wamfupi wa imvi, wopanda nsapato. Ataona mwendo anangoti, "Mayo ine, Banda!" Anawakoleka bambo paphewa mpaka kukanyumba kawo, kamene kanali pafupi, ka matabwa akuda ndi denga la udzu, kotsamira ku mwala waukulu. Anathira madzi ozizira a pakasupe pa balalo kwa nthawi yaitali, kenako anapakapo uchi n'kumanga ndi nsalu yoyera. Ine ndinkangotunga madzi, osayang'ana munthu kumaso. Tambala uja a Mwale anakamupeza madzulo ali m'tchire, miyendo ili chimangire.

Tsiku lonselo ndinadikira chikoti. Bambo akasuntha, ndinkadzidzimuka. A Mwale akathyola kamtengo kosonkhezera moto, ndinkati ndi kanga. Koma palibe anandikhudza.

Lamulungu m'mawa tinapemphera atatu pakhonde, chifukwa tchalitchi chinali kutali. Bambo anayambitsa nyimbo mwendo uli pa mpando. Titatha anandiitana kuti ndikhale pafupi.

"Njira yonse ija unkatani?"

"Ndinkapemphera, bambo."

"Unkapempha chiyani?"

"Kuti thupi langa likhale lolemera ngati thumba."

A Mwale anaseka mpaka kutsokomola. "Kamwana aka! Mulungu akanakuyankha bwenzi pano tikukunyamula anthu anayi."

Bambo anamwetulira pang'ono. "Tamvera, Esinati. Kuchotsa mchenga sunalakwe kwambiri. Ine sindinakuuzepo ntchito yake, ndinkangoti musakhudze, musakhudze. Kupemphera sunalakwenso. Koma Mulungu anali atakupatsa kale pakamwa, ndipo ine ndinali pambali pako. Mchenga unali pa sitolo paja, waulere." Anayang'ana mwendo wawo. "Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti mwana wanga anaopa dzanja langa kuposa phompho. Pamenepo nanenso ndili ndi zokamba ndi Mulungu."

Sindinayembekezere mawu otere kuchokera kwa bambo. Sindinadziwe poyang'ana.

Masana amenewo ndinadzaza thumba lija ndi mchenga wa pakasupe, beseni ndi beseni, ndipo bambo anandiuza kuti ndiyese kulinyamula kuti manja anga adziwe kulemera kwake. A Mwale anawongola ndi chitsulo chiwongolero chimene chinapindika pa ngozi ija. Potsika phiri ine ndinayenda pansi pamodzi ndi a Mwale, titagwira kangolo, bambo akutsetsereka injini itazima. Tinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Mayi ataona nsalu ya pamwendo anakhala pansi pabwalo pomwepo, manja ali pamutu.

Balalo linatenga milungu yambiri. Bambo anapita kuchipatala kangapo, ndipo nthawi ya nazale inafika asanayambe kuyenda bwino. Madzi othirira mbande za fodya tinkatunga ine ndi a Yohane, m'mawa tisanapite kusukulu ndi madzulo tikaweruka, mayi akutithandiza ndi mimba yawo mpaka sabata imene anachira. Palibe anandinena. Koma ndinkadziwa chifukwa chimene mayi otopa ankasenzera ndowa, ndipo chilango chimenecho chinandikwana. Chipsera chinakhala pa mwendo wa bambo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Chikoti sanachigwirenso pa mwana aliyense wa m'nyumba mwathu.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Zambiri sindidziwa. Koma ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mtengo wa msuku uja, ndi chifukwa cha bambo amene anavomera mbali yawo pamaso pa mwana. Ndimapemphera tsiku lililonse, ndipo sindidzasiya. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pemphero si malo obisalamo pamene pali munthu woyenera kuuzidwa zoona. Mwana wanga akabwera akunjenjemera kuti amayi ndalakwitsa, ngakhale mtima utandiwira bwanji, ndimayamba ndakhala pansi n'kunena kuti zikomo wandiuza. Zokalipa zimabwera pambuyo, ngati zilipo. Ndikufuna kuti tsiku limene adzaone ngozi imene ine sindikuiona, adzandiuze tikadali kuchidikha.